Mlendo asathere pakhonde: kuchotsa katundu wodzadza nyumba popanda kuyambana ndi abale

Kuno ku Salima alendo satha. Pa tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, pa Khirisimasi, pa Idi, ngakhale Loweruka wamba, abale amatsika ndi msewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe kudzaona nyanja ku Senga Bay, ndipo foni imalira ali kale pa Kamuzu Road: "Alamu, tafika, tigona konko." Ena adzagula usipa, ena adzatenga mpunga ku Lifuwu, ena adzazonda wodwala kuchipatala. Onsewa akati odi amayembekeza kumva kuti lowani.

Koma m'nyumba zambiri mawu amenewa ayamba kulemera pakamwa. Mwini nyumba amathamangira panja ndi mpando, kumukhazika mlendo pansi pa mtengo wa mango, ati m'nyumba mukutentha. Kutenthako kulipodi, koma chenicheni nchakuti pabalaza pali matumba a chimanga, njinga yopanda tayala, makatoni a eni ake ndi mulu wa zovala pasofa. Mlendo zimenezo sazidziwa. Iye wangoona kuti sanalowetsedwe, ndipo akabwerera kwawo nkhani imakhala yakuti kwa achimwene kuja masiku ano safuna anthu. Chibale chimazirala chonchi, popanda amene wanyoza mnzake.

Ine sindikhulupirira kuti nyumba zathu zimadzadza chifukwa cha ulesi. Tinaleredwa kuti chinthu sataya, chigubu chobooka lero mawa chikhala chomwera nkhuku, ndipo nzeru imeneyo yatithandiza m'zaka zovuta. Nkhokwe zapanja zinachepa poopa akuba, chimanga nkulowa m'nyumba kudzalanda chipinda. Kuonjezera apo, zambiri zomwe zatipanikizazo si zathu nkomwe, kapena nzathu koma wina m'banjamo mtima wake uli pomwepo. Nchifukwa chake ntchitoyi imayamba ndi pakamwa, tsache limabwera pambuyo.

Yambani mwaima pachitseko

Tulukani panja, mubwere ngati ndinu mlendo, muime pakhomo. Fumbi ndi kangaude musazilabadire, nzosavuta. Dzifunseni ngati azakhali a miyendo yotupa angayende kuchokera apo kukafika pampando osalumpha kanthu. Werengani mipando yomwe munthu angakhalepo musanayambe mwachotsapo zinthu. Onani ngati pansi pali poyala mkeka woti amayi anayi akhale atatambasula miyendo. Kenaka funso lovuta: akati agona, muwagoneka pati?

Ntchito yanu yoyamba ndi imeneyo, podutsa, pokhala ndi pogona. Nyumba yonse simungaimalize mwezi umodzi ndipo musayese. Kunsi kwa bedi lanu kudikire.

Musagwire kanthu musanadziwe mwini wake

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapsera, ndiye tikhalitsepo.

Tiyambe ndi za amuna anu kapena akazi anu. Injini ya boti yomwe inafa kalekale, kwa inu ndi chitsulo chadzimbiri chopunthwitsa ana. Kwa iwo ndi thukuta la zaka zambiri, komanso chiyembekezo chakuti tsiku lina adzabwereranso panyanja. Mukaigulitsa iwo ali kumunda, malo mwawapeza koma mtendere wachoka m'nyumba. Dikirani madzulo mutadya, ana atagona, munene modekha: "Bambo a ana, injini ija mukuiganizira bwanji? Ngati ingakonzeke, ipite kwa amakaniko mwezi uno. Ngati singakonzeke, ogula zitsulo atipatseko ya sopo, pamalopo tiikepo mpando wa alendo." Mwawasiyira chiganizo, koma mwaikanso malire a nthawi, ndipo mwanena chimene chidzakhale pamalopo. Abambo nanunso chimodzimodzi ndi mabeseni ndi mapoto a mphatso za paukwati omwe sanatulukepo m'katoni. Musawatchule kuti zinyalala. Funsani kuti, "Mayi a ana, mwa awa ndi ati amene tingayambe kuphikira, ndi ati amene angakathandize achemwali anu?"

Za apongozi nzosamala koposa. Ngati muli pachikamwini, mtsuko wa apongozi musaukhudze ngakhale utasweka kukamwa. Nkhani idutse mwa akazi anu, iwo ndiye mwana wawo. Mtengwa nayenso adutsire mwa amuna ake kapena mlamu wamkazi amene amamvana naye. Mmene ndimaonera ine, akuluakulu chimawapweteka kwambiri si kuchoka kwa chinthu m'nyumba ayi, koma kumva kuti chaponyedwa kudzala. Mukati, "Amayi, mphika uwu bwanji upite kwa mdzukulu wanu amene wangolowa m'banja uja," mwawapatsa mwayi wokhala opatsa, ndipo ambiri amavomera ndi nkhope yowala.

Ndiye pali katundu wosungitsa. Achimwene popita ku Joni anasiya bedi ndi makatoni, ati miyezi itatu yokha. Mphwanu posamuka ku Chipoka anasiya makina osokera. Madzi a nyanja atakwera mu 2024 nkulowa m'nyumba za m'mphepete mwa gombe, mabanja ena anathawitsira katundu kwa abale a kumtunda, ndipo si onse amene anabwera kudzatenga. Musanaimbe foni, jambulani zonse mmene zilili, mutumize zithunzi pa WhatsApp, kuti mawa pasadzamveke zoti m'katoni muja munali wailesi. Mukatero imbani: "Achimwene, katundu wanu alipo ndipo ali bwino, koma mvula ili pafupi ndipo kuno malo atichepera. Mungatume munthu adzatenge mwezi uno usanathe? Kapena mundiuze amene ndingamupatse." Nenani zoona zokhazokha. Ngati chiswe chalowa nenani, ngati sichinalowe musachinamizire, chifukwa bodza lotero likadziwika limawononga kuposa makatoniwo.

Katundu wa malemu musamugwire nokha, ngakhale nyumbayo ili yanu. Ngati zovala ndi ziwiya sizinagawidwe maliro atatha, itanani mwini mbumba ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, akhale pansi agawe poyera. Ndipo tinene mosabisa, kukonza m'nyumba kusakhale njira yolandira za mwini. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi mkazi kapena mwamuna wa malemuyo. Ngati wamasiye sanakonzeke kutsegula sutikesi ya malemu, musamuumirize. Ipezereni malo ouma pamwamba, muifunditse nsalu, ikhale. Chisoni chilibe tsiku lothera, ndipo sutikesi imodzi sikuletsa mlendo kulowa.

Sankhani tsiku, mutulutse za chipinda chimodzi

Nyengo yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, panja pali gwa, mvula isanayambe. Dzukani mbandakucha, chifukwa dzuwa la kuno likakwera palibe amene adzafune kunyamula thumba. Ana aang'ono apite kwa agogo. Valani nsapato, ndipo mulu uliwonse umene wakhalitsa muyambe mwaugwedeza ndi ndodo musanapise dzanja, poti njoka ndi zinkhanira zimakonda malo otero.

Yalani lona kapena mikeka pabwalo, mutulutse zonse za m'chipinda chimodzi chokha, chitsale mbee. Panjapo ikani milu inayi: zobwerera m'nyumba, za eni ake, zopatsa kapena kugulitsa, ndi zakudzala. Mulu wachisanu wa "tidzaona" udzafuna kubadwa, musaulole, chifukwa ndi womwewo umene unadzadza nyumba. Chinthu chikakukayikitsani, dzifunseni kuti chinagwira ntchito liti komaliza. Ngati mvula yagwa zaka ziwiri icho chili pomwepo, ndipo si chikalata, si khasu, si chikumbutso cha munthu, chipite.

Anansi adzafunsa ngati mukusamuka. Ayankheni bwino, ndipo pomwepo mulu wa zopatsa udzayamba kuchepa.

Chipinda chili chopanda kanthu choncho, sesani kuyambira kudenga, tsekani maenje a makoswe, matani ming'alu ya m'khoma, zirani pansi ngati ndi padothi. Tsegulani mawindo chiume tsiku lonse. Polowetsa zinthu, yambani ndi mipando ndi mkeka, zinazo zipeze malo otsala.

Chimanga, mpunga ndi zausodzi

Chakudya sitingachitulutse panja, ndipo palibe mlendo wanzeru amene angadandaule poona matumba m'nyumba ya mbale wake. Vuto ndi kaikidwe. Matumba khumi omwazikana amadya chipinda chonse, koma osanjikizana bwino amakwana pangodya imodzi.

Yambani mwatsimikiza kuti chimanga chauma. Ikani mchere wouma ndi chimanga pang'ono m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, mulisiye kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa. Chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku chimenecho nchoopsa m'thupi. Chouma chiikeni m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Anankafumbwe amafera momwemo posowa mpweya, osathira mankhwala. Mangani pulasitiki iliyonse payokha, ndipo thumba lomwe mukudyako likhale lapadera kuti enawo musamawatsegule. Ngati mugwiritsa ntchito masaka wamba, thirani mankhwala osungira mbewu motsatira muyeso wolembedwa pachibotolo.

Khomani kathandala kafupi ka mitengo kapena matabwa, matumba asagunde pansi, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pasiyidwe mpata woti tsache ndi mphaka zidutse. Feteleza asagone pamodzi ndi chakudya. Amakoka chinyezi nkuundana, amadya zitsulo, ndipo fungo lake m'chipinda chogona munthu silipiririka.

Kwa a m'mbali mwa nyanja, ku Senga Bay, kwa Maganga mpaka ku Chipoka, pali maukonde, nkhafi, nyali ndi usipa wouma. Ukonde uyambe wauma, upindidwe, ukolekedwe pamtanda m'kachisakasa kapena kukhonde lakuseri. Usipa wamalonda ndi ndalama, ndikudziwa kuti simungausiye poyera, koma m'chipinda cha alendo usalowe. Fungo lake limalowerera m'matiresi ndi m'makatani, ife okhala nalo sitilimvanso, koma wochokera kutali amagona nalo usiku wonse, makoswe akuthamanga pamwamba pake. Upezereni malo kukhitchini yokhoma kapena m'kachipinda ka katundu, pansanja.

Zina zituluke lero lomwe

Petulo wa m'zigubu, kaya ndi wa injini ya boti kaya wa njinga yamoto, asagone m'nyumba mogona anthu. M'nyumba yodzadza moto umayenda msanga ndipo pothawira pamasowa. Mabotolo a mankhwala a thonje ndi a mbewu zakudimba asasanduke mosungira mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa, ngakhale mutawatsuka chotani. Atsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'chopopera, mabotolowo muwaboole kuti wina asawatole, ndipo alangizi a zaulimi akuuzeni kowataya. Mankhwala a kuchipatala otha masiku musawasungire wodwala wina, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Mabatire akufa a sola ndi a galimoto ali ndi asidi ndi mtovu, apite kwa ogula, ana asawaphwanye poseweretsa.

Zovala, majumbo ndi zigubu

Izi musachedwe nazo. Zovala za kaunjika zomwe zinagulidwa chifukwa zinatchipa koma sizinamukwane aliyense, ziperekeni zikadali zabwino, zochapa ndi zopinda, kwa munthu amene mukumudziwa kapena kudzera kumpingo ndi kumzikiti. Chong'ambika musapatse munthu, chimenecho ndi chokolopera. Zigubu sungani zomwe mumatungiradi madzi. Malata akale okhoma mbaula ndi zidebe amawafuna. Matayala, zitini ndi mabeseni osweka a kuseri kwa nyumba achoke mvula isanagwe, chifukwa madzi akaima mmenemo udzudzu umaswana. Majumbo opyapyala boma linawaletsa mu 2015, ndiye palibe chifukwa choti azidzadza kuseri kwa chitseko chanu, ndipo musawatenthe pafupi ndi nyumba, utsi wake ndi woipa. Neti yakale ya udzudzu ikatchinge nkhuku kudimba la masamba, koma kunyanja isapite. Nzoletsedwa, ndipo imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe.

Pa kabati ya pabalaza ndili ndi maganizo anga. M'nyumba zambiri muli mbale ndi makapu okongola otsekeredwa m'galasi, ati nza alendo, koma mlendo akabwera amamwera m'kapu yapulasitiki poopa kuti zabwinozo zingasweke. Ngati nza alendo, alendo adyeremo. Tsitsani zokwanira anthu asanu ndi mmodzi, zitsukidwe, zikhale pafupi. Pamwamba pa kabatiyo chotsanipo mafoni akufa, ma kalendala a zaka zapitazo ndi mawaya osadziwika ntchito. Makadi a kuchipatala, ziphaso, masatifiketi a ana ndi mapepala a malo zilowe m'chikwama chimodzi chapulasitiki chotseka, chikhale pamwamba pomwe madzi ndi chiswe sizingafike, ndipo akulu onse a m'nyumbamo adziwe pamene chili.

Konzani pogona

Sikuti mpaka mukhale ndi chipinda cha alendo. Pabalaza pomwe pali poyala matiresi kapena mkeka pakwana, bola pakhale msomali kapena mtanda womangapo neti. Ganiziraninso za ulemu wathu: apongozi sangagone kuchipinda kwanu, mlamu wamwamuna sangagone kumene kuli atsikana. Ngati pali gowelo la anyamata, nalonso likonzedwe, chifukwa alendo aamuna amathera kumeneko, ndipo nthawi zambiri ndi komwe timaponyako zonse zotisowetsa mtendere.

Neti ya mlendo ikhale yakeyake, yosabooka. Kunyanja kuno malungo si nkhani yocheza, ndipo mwana wa mbale wanu akadwala atangobwerako kwanu, mayi wake adzaganiza kawiri asanabwerenso. Neti yatsopano yamankhwala iyambe yayanikidwa pamthunzi tsiku lathunthu isanagonedwe, padzuwa ayi.

Nsikidzi tizinene poyera, poti ndi zimene zimachititsa manyazi anthu ambiri mpaka kukana alendo ogona. Sizisankha nyumba yaukhondo kapena yauve, zimabwera ndi chikwama, matiresi ogula kwa munthu, ngakhale zovala. Chimene katundu wounjikana amachita ndi kuzipatsa pobisala. Yang'anani m'misoko ya matiresi, m'malumikiziro a bedi ndi m'ming'alu ya khoma. Mukaona timadontho takuda, zilipo. Tulutsani bedi, thirani madzi owira m'malumikiziro onse, zofunda muziviike m'madzi otentha kwambiri, matiresi agone padzuwa la Okutobala tsiku lonse, mbali zonse ziwiri. Bwerezani pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa mazira ena amatsala. Mankhwala akumunda musapopere pogona anthu.

Chofunda choyera, chitenje, thaulo ndi sopo zikhale m'chikwama chimodzi chomwe ana sachitsegula. Pakhomo pakhale ndowa yampopi kapena jagi ndi beseni, kuti mlendo asambe m'manja ndi madzi othiridwa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa kuti beseni limodzi losambamo anthu onse si ulemu woti nkuusunga.

Itanani munthu ntchito isanathe

Mukangopeza podutsa ndi pokhala, musadikire kuti zonse zilongosoke. Tumani uthenga kwa mbale amene mwakhala mukumuzemba: "Azakhali, Lamulungu lino mukaweruka kutchalitchi mudzere kuno, mudzadye nafe nsima." Tsiku likadziwika, amuna anu, ana ndi inu nomwe mumagwira ntchito ndi changu china. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo azakhaliwo sakudzayendera nyumba, akudzaona inu. Akapeza makatoni awiri pangodya, auzeni zoona kuti mukukonza. Mwina iwo ndi amene angakuthandizeni kulankhula ndi achimwene a ku Joni aja.

Kuti katundu asabwerere, gwirizanani pabanja zinthu zochepa zoti aliyense angazikumbuke. Pampando wa pabalaza sipagona chovala. Njinga ili ndi malo ake. Chinthu chatsopano chikalowa, chakale chomwe chalowedwa m'malo chituluke sabata yomweyo. Mukakolola, matumba apite pakathandala tsiku lomwelo, asayambe aima pabalaza "kwa masiku awiri".

Ndipo wina adzabweranso kudzasungitsa, chifukwa nyumba yokonzedwa imaoneka ngati ili ndi malo. Kukana kotheratu nkovuta pachibale, ndipo nthawi zina munthu amakhaladi pamavuto, nyumba yagwa ndi mvula kapena banja latha. Mulandireni, koma mugwirizane pomwepo: "Alamu, tisunga, koma malo amene tili nawo ndi awa, ndipo pofika nthawi yokolola tidzafuna kuikapo chimanga." Werengani katunduyo muli awiri, mulembe m'kope pamodzi ndi mwezi umene adzatenge, mujambule tsambalo mumutumizire pafoni, ndipo mwezi umenewo ukayandikira muimbireni inuyo, musadikire kuti akumbuke yekha.